Apongozi Apita Kukasewera Gofu

Pa City Market, kumbali ya msewu wa Lumumba, pali mdala wina wa salaula amene anzake ayamba kumutcha Tiger Woods. Mwana wake anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Kabulonga, ndipo mkamwiniyo, pofuna kuonetsa kuti ali nazo, anawatenga apongozi akewo kukagona kuhotela ina ya kumafamu, chinyumba cha atsamunda chokhala ndi bwalo la gofu kuseri. Nkhanizi akusimba ndi mdalayo, ndipo tsiku lililonse zikunenepa.

Atangofika, mtsikana wolandira alendo anati, "Bambo, bedi limene mugonepo, mipando, ngakhale bafa, zonse ndi za nthawi ya Northern Rhodesia."

"Ndiye mutichotsera zingati?"

"Ayi bambo, n'chifukwa chake mtengo uli wokwera."

Mdala anakhala chete kanthawi, kenako anamunong'oneza mkamwini: "Apongozi, zaka zonsezi ine ndimatsitsa mtengo chifukwa katundu anavalapo kale wina. Salaula yeniyeni akuidziwa ndi awa."

Mkamwini anayesa kufotokoza kuti nyumba zakale ndi chuma cha dziko. Anatchula Shiwa Ng'andu, kupitirira Mpika, imene Stewart Gore-Browne, uja ankamutcha Chipembere chifukwa cha ukali, anamanga ndi njerwa zoumbidwa pomwepo. Mwini wake anamwalira mu 1967, koma mpaka lero alendo amachokera kunja kudzagonamo. Mdala anangopukusa mutu. "Nanga tinyumba tozungulira ta udzu ta ku Kabwata si ta atsamunda omwewo? Ife tinkalimbirana kutulukamo. Tikanadziwa, bwenzi titangoikamo bafa."

Usiku tulo sitinabwere. Kunja kunali zii, kopanda hutala, kopanda ngwangwazi wokuwa "Chelstone! Chelstone!" Akuti munthu wozolowera phokoso akamva bata lotere amayamba kukumbukira ngongole zake zonse.

M'mawa anamuuza kuti pabwalo salola malaya opanda kolala. Anapita kukashopu kapahotelapo, nagwira malaya amodzi, nayang'ana msoko, nanunkhiza. Ataona mtengo anawabweza pang'onopang'ono, ndi manja awiri. "Oterewa ndili nawo belo lathunthu, ndipo amene amagula ndi makondakitala a minibasi."

Kenako kunabwera mnyamata wonyamula thumba la ndodo, amene amati kadi. Mdala anayamba ndi mtengo, monga amachitira ndi a zamkabu pamsika: "Mpaka pati, ndipo zingati?" Atamva kuti ndi maenje 18 ndipo ulendo uthera pomwe wayambira, anafunsa ngati sizingatheke kuti thumbalo lingowadikira pomwepo. Anawerenga ndodo, zinali 14. "Zonsezi kampira kamodzi? Kwathu ku Katete mbusa ali ndi ndodo imodzi, ng'ombe khola lonse."

Koma anasewera. Akuti chinamulimbitsa mtima n'chakuti pulezidenti wakale KK nayenso ankakonda gofu, mpaka ankasewera pabwalo la ku State House komweko. Ulendo woyamba anamenya mphepo. Wachiwiri anagwebula chibuma cha udzu, ndipo chibumacho chinapita kutali kuposa mpira. Kadi, mwana wamwambo, anangoti, "Nthaka yathu ndi yofewa, abwana."

Chimene mdala amakonda kubwereza ndi cha pa dzenje lachitatu. Mkamwini anagwada pansi n'kupendeketsa mutu kuti aone kutsetsereka kwa udzu asanakankhe mpira. Mdala, amene anali ataima kutsidya kwa dzenjelo, anavula chipewa n'kuwomba m'manja. "Dzukani apongozi, ndaulandira ulemu wanu." Pa dzenje lotsatira mkamwini anagwadanso. Pofika lakhumi mdala anali atayamba kuda nkhawa, ndipo anamukokera kadi pambali: "Mnyamata uyu pali chimene wamulakwira mwana wanga. Munthu sangagwade chonchi popanda mlandu."

Pomaliza kadi anawerenga khadi: mkamwini 92, mdala 160. Mdala anasisita mkamwini paphewa n'kumuuza kuti asataye mtima, adzazolowera. Mpaka lero palibe amene walimba mtima kumuuza kuti pa gofu wopambana ndi wa nambala yochepa, ndipo mkamwini, poti ndi mkamwini, sangayerekeze.

Chakudya chamadzulo chinabwera pambale yaikulu, kanyama pakati, tsamba pamwamba. Mdala anadya n'kuthokoza, akuganiza kuti akumulawitsa ndiwo. Anakhala akudikira nsima mpaka anabweretsa khofi.

Ine ndinamufunsa ngati adzapitenso. Anati adzapita, koma osati kukasewera. Pafupi ndi dzenje lachisanu pali dziwe limene linamudyera mipira yambiri, ndipo pobwerera anapeza tianyamata pageti tikugulitsa mipira yonyowa. Umodzi anauzindikira. Anagula wake womwe, osatsutsa mtengo, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Pano akufunsa paliponse mtengo wa majombo, ndiponso ngati m'dziwemo muli ng'ona.