Tulo ta Kamba

Padangotero! Ku Limbe kunali Kamba ndi Fisi, onse ophika buledi. Tirigu wawo ankachokera kutsidya kwa nyanja, kutsika padoko la Nacala, ndipo mwini tirigu sankaidziwa kwacha. Ankafuna madola basi, patatha miyezi itatu katundu atafika.

Miyezi itatuyo ndi imene inkamuwondetsa Kamba. Amakumbukira Meyi 2022, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti usiku umodzi, phindu la chaka chonse n'kupita ndi madzi. Choncho mu Seputembala 2023 anakwawa kupita kubanki kwa Ng'ona.

"Achimwene, lero dola ili pa K1,180," anatero Ng'ona. "Tisainirane kuti mu Disembala ndidzakugulitsani pa K1,250. Kwacha igwe, isagwe, mtengo ndi womwewo. Koma mudzagula ndithu, ngakhale dola itadzatsika. Akusukulu amati forward contract."

Kamba anadinda chala.

Fisi atamva anaseka mpaka kugubuduka mu ufa. "Inu a Kamba, kulipira K70 yapamwamba pa dola iliyonse? Mwagulapo chiyani?"

"Ndagula tulo," anayankha Kamba. "Ine ndimadziwa kukanda ufa. Za mawa a kwacha sindiziombeza."

Musaganize kuti Ng'ona anachita zachifundo, ayi. K70 ija anaiwerengera bwinobwino poona kusiyana kwa chiwongoladzanja cha kwacha ndi cha dola, n'kuwonjezapo kake konyambita. Ndipo tsiku lomwelo anagula madolawo n'kuwasunga pansi pa dziwe. Ng'ona sanyowa ndi mvula.

Mu Novembala, Reserve Bank inalengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Dola inafika pa K1,700. Fisi anathamangira kwa Ng'ona malovu ali chuchuchu, kupempha pepala longa la Kamba.

"Pepani achimwene, denga amafolera mvula isanagwe," anatero Ng'ona, uku akutokosa m'mano.

Fisi analipira tirigu pa mtengo watsopano, anagulitsa njinga ziwiri zoperekera buledi, nakweza mtengo wa buledi. Akanatani?

Nyama zonse zinakhamukira kwa Kamba. Gologolo anali atafalitsa kale nkhani ya pepala lija, ndiye aliyense ankati kumeneko buledi akhala pa mtengo wakale. Anapeza Kamba wakwera pampando, choko kumanja, akufufuta mtengo pakhoma. Analemba wofanana ndendende ndi wa Fisi.

"Agogo, nanga si inu munagula dola pa K1,250?" anafunsa Gologolo.

Kamba anatsika pang'onopang'ono, nkhope ili yachisoni ngati ali pamaliro.

"Mwana wanga, wailesi sumvera kodi? Kwacha yagwa. Tonse tili m'mavuto."

Atatero analowetsa mutu m'chigoba, n'kugona tulo take tija.

Kaphuleni mbatata, kuti buledi simumukwanitsa.