Ndinachedwa Dala, Munda wa Amayi Unapita

Buku la Musashi, lolembedwa ndi Yoshikawa Eiji, linkatuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya Asahi Shimbun ku Japan kuyambira 1935 mpaka 1939. Nkhani imayamba nkhondo ya ku Sekigahara ya mu 1600 itangotha, mnyamata Takezo ali gone pakati pa mitembo. Anali wolusa, woopedwa ngakhale kwawo. Wansembe wa Chibuda, Takuan, anamugwira n'kumupachika mumtengo, kenako anatsekeredwa m'nyumba yachifumu ya Himeji zaka zitatu akungowerenga mabuku. Anatulukamo ndi dzina latsopano, Miyamoto Musashi. Chimene chimakoka mtima m'bukuli n'chimenechi: kuona munthu wosamvera aliyense akuphunzira kudzigwira, akugwa, akudzukanso.

Koma ine chinandikomera kwambiri ndi nkhondo yomaliza, ya pachilumba cha Ganryu mu 1612. Musashi anafika mochedwa, atasema lupanga lamtengo kuchokera ku nkhafi ya bwato. Mdani wake, Sasaki Kojiro, atatopa ndi kudikira, mtima unali utamuwira kale, ndipo anagonja.

Nthawi imene ndinkawerenga bukuli, amayi anali pa mlandu wa malire a munda ndi oyandikana nawo. Miyendo inkawavuta, choncho anatuma ine kuti ndikawayankhulire kubwalo la amfumu.

"Mwanawe, ulawire. Kubwalo sachedwa," anatero.

"Musadandaule amayi, ndikudziwa chochita," ndinayankha.

Ndinakakhala pagolosale dala, kuti mnzathuyo apse mtima podikira, akasokoneze mawu. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Madoda awiri amene ankadziwa malire akale, mboni zathu, anali atatopa n'kubwerera kwawo. Amfumu anali atamva mbali imodzi yokha, mlandu atagamula kale. Nduna yawo inandiuza kuti ndanyoza bwalo, ndipo ndinalipira nkhuku. Mizere ya kumunsi kwa munda inapita, pamodzi ndi mtengo wa mango umene malemu bambo anabzala. Nditawafotokozera amayi, sanandikalipire. Anangoti, "Chabwino, mwanangu," n'kulowa m'nyumba. Zimenezo zimandipwetekabe.

Bukulo ndinalitsegulanso patapita nthawi, ndipo ndinaima pagawo limene poyamba ndinangolidumphadumpha chifukwa munalibe malupanga. Ku Hotengahara, Musashi ndi mwana wamasiye, Iori, ankalima malo amene madzi osefukira ankakokolola kawirikawiri. Ankatchinga, madzi n'kugumula. Zinatheka pokhapokha atasiya kulimbana nawo n'kuyamba kukumba ngalande motsata njira imene madziwo ankafuna okha. Munthu amene anachedwa ku Ganryu anali atadutsa m'zonsezi, ndipo ankadziwa bwino amene akulimbana naye. Ine bwalo la kwathu lomwe sindinalimvetse.

Mlanduwo tautengera kwa a gulupu. Inu mukalipeza bukuli, lomwe Charles Terry analimasulira m'Chingerezi mu 1981, musathamangire kumapeto. Werengani za ku Himeji ndi za ku Hotengahara mofatsa.