Ulemu kwa Pulagi Yokana Ntchito

Mwa tizitsulo tonse toyendetsa magalimoto onyamula thonje ndi mtedza kuchokera ku Chitala kupita pa Kamuzu Road ku Salima, palibe koyenera kuombera m'manja kuposa pulagi yodetsedwa ndi mwaye, ija yoti ikafuna ithetheka, ikapanda kufuna ayi.

Taganizani za anzake omvera. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, pulagi iliyonse imayatsa moto kamodzi injiniyo ikazungulira kawiri. Ndiye kuti ka 1,500 pa mphindi, ka 25 pa sekondi, ndipo zonse pamodzi ka 100. Pa ola limodzi pulagi imodzi yathetheka ka 90,000. Koilo imatenga mavoti 12 a batire n'kuwakweza kufika masauzande ambirimbiri, onsewo n'kudumpha kampata ka milimita imodzi kapena kucheperapo. Kale nthawi yothetheka ankaiweruza mapointi, makaniko n'kumawasuntha ndi sukuludiraiva. Lero ndi sensa ndi kakompyuta, akapitawo osagona, osalandira chiphuphu. Nanga pulagi zomverazi adazithokozapo ndani? Dalaivala sadziwa n'komwe maonekedwe ake.

Yathuyi ndiye idachenjera. Imangoti "lero ayi", moto wa pa sekondi n'kutsika kuchoka pa 100 kufika pa 75. Galimoto yayamba kumisa, ikunjenjemera, pachitunda ikupempha giya yoyamba. Pompo aimika m'mbali mwa msewu wa M5, atsekula boneti. Ndi pulagiyo yokha imene amaitulutsa kuti ipitidwe mphepo ya kunyanja. Aisambitsa ndi petulo, aikhula ndi sandipepa, aipemerera mpweya, aiyang'anitsitsa padzuwa, amuna anayi ataizungulira ngati mwana wobadwa kumene.

Kuwolowa manja kwakenso n'kosasimbika. Petulo wolowa mu silinda yake, yemwe mwini galimoto adamugonera pamzere kapena kumugula wa m'chigubu pamtengo wowawa, iyo siimuwotcha. Imamupereka waulere ku ekizozi kuti oyenda pansi nawo anunkhizeko. Ogulitsa mango ndi chimanga chootcha amapeza makasitomala amene sakadaima. Okwera, ngakhale ovala jekete, amaphunzira kukankha pakutentha kwa Okutobala. Makaniko wa pansi pa mtengo amagula ndiwo za tsikulo.

Gottlob Honold, injiniya wa kampani ya Robert Bosch ku Stuttgart, pokonza magineto yamphamvu yoyatsira pulagi mu 1902 ankafuna moto wosaphonya. Adaiwala zoti kuli fumbi la ku Chitala, mafuta osakaniza ndi palafini, ndi maringi otha olowetsa oilo pomwe sayenera.

Ena amanena kuti yankho n'kugula pulagi yatsopano ya NGK. Nkhanza zimenezo. Yakaleyo satayanso: amaiponya m'bokosi la masipanala, ndipo pakapita miyezi ingapo ina ikadzatopa, adzaitulutsa, kuikhula, n'kuibwezera pa mpando.