Mwini mpira sakhala pa benchi

Ukochi sindinapitire kusukulu. Anthu a m'dera lathu anandisankha chifukwa ndine ndimakuwa kwambiri mpira ukamaonetsedwa pa kanema, komanso ndili ndi wenzulo. Kwathu kuno zimenezi n'zokwanira kuti munthu azitchedwa "a Kochi" ngakhale pamaliro.

Timu yanga ndi ya ana osapitirira zaka 12, ngakhale mmodzi ali ndi mawu a besi ndipo amayi ake amalumbira kuti n'kukula msanga chabe. Osewerawa ali m'magulu atatu: odziwa mpira, okonda mpira, ndi ena amene makolo amawatumiza kuti pakhomo pakhaleko bata.

Ovuta kwambiri ndi odziwawo. Chichinyireni Gabadinho Mhango chigoli chija ali kutali, pomwe Flames inkasewera ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, aliyense akangofika pakati pa bwalo amatseka maso n'kuumenya. Kupatsira mnzake, ayi. Ndikawakumbutsa kuti tsiku limenelo tinagonja 2-1, amandiyang'ana ngati mfiti yogwidwa m'mawa. Mpira umakagwera m'dimba la mpiru la agogo ena, ndipo wokapepesa ndi ine.

Ndiye pali mwini mpira. Mwanayu mpira ukapita kum'mawa iye amathamangira kumadzulo. Koma wachikopa tili nawowu ndi wake, anam'tumizira amalume ake a ku Joni. Mukam'tulutsa amaunyamula n'kumapita kwawo, ife n'kubwerera ku chikulunga. Choncho amasewera mpaka wenzulo yomaliza. Nambala 9 ndi mwana wa alandilodi anga. Za luso lake sindinenapo kanthu, mwezi uli pafupi kutha. Goloboyi anadzisankha yekha ataona kuti golo lathu lili pamthunzi wa mtengo wa mango. Mpira ukamabwera amaupatsa ulemu wonse, amaupatukira.

Katswiri weniweni ndi mtsikana. Anyamata ankamukana, mpaka anawadyetsa njomba mmodzimmodzi, womaliza kugwa n'kukhala ine pofuna kuwaonetsa katchingidwe. Ndikudzisasa fumbi ndinawauza za Temwa Chawinga wa ku Rumphi, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America, ndi mkulu wake Tabitha. Pano akamagawana matimu amalimbirana iyeyo.

Tsiku la masewero makochi amachuluka kuposa osewera. "A Kochi, wangayo alowa nthawi yanji?" Ofunsawo ndi amayi amene amatiphikira thobwa, ndiye yankho mukulidziwa kale. Malamulo a masiku ano amalola kusintha osewera 5, koma ine ndimasintha mpaka oyimbira amasiya kulemba. Kinnah Phiri amam'tama kuti anatsogolera Flames kuswa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010. Zoonadi, koma iye sanaonepo wotchinga kumbuyo wake akuitanidwa masewero ali mkati kuti apite kuchigayo.

Nzeru imodzi yokha ndiyo ndimanyadira. Pokonzekera, chigoli sichiwerengedwa pokhapokha mpira utadutsa paphazi la aliyense. Akatswiri ankanyinyirika, koma pano amachita kum'saka mwana wa alandilodi kuti am'patsire, ndipo tsiku lina mpira unam'gunda pabondo n'kulowa. Anam'nyamula m'mwamba, bambo ake anandipatsa moni sabata yonse osatchula za lendi.

Zikho tilibe, ndipo sindikuona chikubwera. Koma mwana amene mwam'khazika pa benchi lero ndi mawa, mkuja sabweranso, ndipo kumene akatayire nthawiyo simudzakukonda. Waluso ndi wopanda luso onse asewere. Makolo, atumizeni anawo Loweruka. Ndipo amene Mulungu wamudalitsa atigulireko mpira wachiwiri, kuti nanenso ndilaweko kukoma kotulutsa wosewera popanda kupepesa.