Sola wa Aneba, Waya wa Tonse

"Nikuuzani zoona, ba mdala, babu inayaka yeka. Komboni yonse mdima, koma kwa mulamu wanga ku Mtendere babu inali kuoneka, yofiirira chabe."

Amalankhula anali wowotcherera zitsulo, mmodzi mwa aja amayala mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Makina ake anali chete, ndiye pakamwa pankagwira ntchito. Mwini nyumba zoyandikana ndi mlamu wakeyo, iye amati, waika mapanelo a sola padenga, wagula invata ndi mabatire, mnyamata wina n'kumulumikizira zonse m'bokosi la magetsi la m'nyumba. Tsopano malaiti akapita, aneba amalandirako kamoto kaulere. Wowotchererayo ankaona ngati ndi madalitso.

Mdala amene ankauzidwayo, yemwe manja ake amaonetsa kuti anakalambira pa mawaya, sanaseke nawo. Anafunsa funso limodzi: anaika changeover? Palibe anadziwa.

"Ngati sanaike, uyo munthu azapaya mwana wa wene," anatero mdalayo, n'kutola kachitsulo kujambula pansi. Magetsi sasankha kolowera. Akachoka mu invata popanda switchi yodula nyumba ku waya wa kampani ya magetsi ya ZESCO, amatuluka pa mita, n'kukwera mtengo, n'kulowa mu thiransifoma chakumbuyo. Thiransifoma imene imatsitsa mavoliti 11,000 kuti afike 230 a m'nyumba imathanso kukweza 230 kubwerera ku 11,000. Wokonza mawaya amene wazimitsa laini yake, n'kukwera makwerero akudziwa kuti waya ndi wozizira, ndiye amakumana nazo. Ndipo malaiti akabwera mwadzidzidzi, invata yotchipayo imapsa pompo.

Panali mnyamata wina woika sola, chikwama cha zida pamsana, amene nkhaniyi inamukhudza ngati akunena iyeyo. Iye anati boma lenilenilo likufuna anthu azibweza magetsi m'waya, nanga net metering n'chiyani? Apa sananame. Mu 2024 boma linakhazikitsa malamulo olola munthu wa sola kutumiza magetsi otsala ku ZESCO n'kumachotseredwa pa bilu, ndipo bungwe la Energy Regulation Board ndilo limayang'anira. Koma mdalayo anamukumbutsa zimene amalumpha akamakopa makasitomala: pamafunika pangano, mita yowerenga mbali zonse ziwiri, ndi invata yovomerezeka imene imadzidula yokha ku laini magetsi a ZESCO akangozima.

"Manje phindu ili kuti, ngati sola nayo izazima pamene malaiti yayenda?"

"Mfana wanga, ya mabatire sizima. Imatseka chitseko cha panja, n'kudyetsa nyumba yeka. Ndiye imadula mtengo."

Mawu akuti mtengo anatontholetsa onse. Anthu a m'makomboni sanathamangire sola chifukwa chokonda chilengedwe. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinatsitsa kwambiri madzi m'damu la Kariba m'dziko limene magawo oposa 80 pa 100 alionse a magetsi ake amachokera kumadzi. Pofika Seputembala madera ambiri ankakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Owotcherera ankagona pafupi ndi makina, kudikira kuti malaiti akabwera pakati pa usiku amalize geti la kasitomala. Munthu wotere ukamuuza za invata yovomerezeka, amayamba wafunsa kuti yosavomerezeka ndi zingati.

Mnyamata uja, pofuna kubweza, anatulutsa foni. Ku Spain ndi Portugal, anatero, kuli mainjiniya ndi ndalama, koma pa 28 Epulo 2025 magetsi anazima m'mayiko onse awiri masanasana, dzuwa likuswa mtengo. Ndiye ife a ku Kalingalinga tilakwa chiyani? Mdalayo sanakane, koma sanalolenso kuti sola asenzetsedwe mlandu wonse, poti lipoti la boma la Spain linanena za mavoliti amene anakwera popanda owaletsa mokwanira. Anawonjeza kuti ifenso pa 24 Novembala 2024 Zambia ndi Zimbabwe zinazima pamodzi madzulo, dzuwa litalowa kale, vuto litayambira pa mawaya olumikiza mayiko awiriwa.

Kenako anafotokoza chinthu chimene sindinamvepo wina akuchifotokoza bwino chotero. Magetsi a m'waya amagunda ka 50 pa sekondi, ndipo makina onse opanga magetsi ayenera kugunda pamodzi, ngati amayi atatu osinja mumtondo umodzi: wina akaphonya, misi imawombana. Makina a ku Kafue Gorge ndi Kariba ndi zitsulo zolemera zozungulira, moti pakachitika chisokonezo sizisiya liwiro msanga, ndipo kamphindi kameneko ndi kamene kamapatsa mpata zida zoteteza kuti zidule mbali yodwalayo. Sola alibe chozungulira. Invata zambiri zimangotsatira kugunda kumene zapeza. Mitambo ikaphimba munda wa mapanelo, mphamvu imatsika nthawi yomweyo, ndipo wina ayenera kukhala wokonzeka kutseka mpatawo.

Minda yoteroyo ikuchuluka. Bangweulu ya mamegawati 54 ndi Ngonye ya 34 zinayamba mu 2019 kumwera kwa Lusaka, ndipo ya ku Chisamba ya mamegawati 100 inatsegulidwa mu Juni 2025. Ubwino wake ngwakuti masana, sola akamagwira ntchito, madzi a m'madamu amasungika kuti akatembenuze makina cha m'ma 6 koloko madzulo, pamene dzuwa likulowa ndipo Matero, George, Kanyama ndi Chawama onse akuteleka mapoto nthawi imodzi.

Mayi wa saluni yapafupi, amene nthawi yonseyi ankaluka kasitomala pakhomo akumvetsera, ndi amene anabweza nkhaniyi pansi, ndipo kwa ine ndiye analasa. Za Spain analibe nazo ntchito. Chake chinali thiransifoma ya pakona.

"Imwe ba mdala, akawalala sabwela malaiti yalipo. Amadziwa ndandanda kuposa ise. Yakayenda chabe, akwela, achotsa mafuta, achotsa kopa, m'mawa tipeza chigoba."

Kale, iye amati, thiransifoma ikangokhudzidwa komboni yonse inkadziwa, chifukwa aliyense ankadikira ola la malaiti ndipo likadutsa anthu ankatuluka ndi matochi kukaona. Lero amene ali ndi mawu m'dera, eni nyumba za lendi, eni mabala, eni magolosale, ali ndi sola. TV yawo sizima, firiji yawo sisungunuka. Thiransifoma ikabedwa amamva mawa kwa alendi awo. Otsala pa waya ndi iye ndi chowumitsira tsitsi chake, wowotcherera amene makina ake sangayende ndi kabatire, ndi agogo ogulitsa maaisi. Amenewa ndiwo amadikira masabata kuti ina ibwere.

Iye ndi anzake ayamba kusonkha ndalama zolipira anyamata awiri olondera usiku, ndipo kabuku ka masamu kolembamo mayina kanali pampando pomwepo, pansi pa chipeso. Wowotcherera anati alipira Loweruka geti likatengedwa. Mnyamata wa sola anati iye sakhala dera lino. Mdala anapereka yake osalankhula, kenako anafunsa ngati eni nyumba a mapanelo aja nawonso analembedwa.

"Nayendako kawiri," anatero mayiyo, akukoka tsitsi la kasitomala mpaka anadandaula. "Akuti iwo ZESCO anaisiya kudala. Koma mita sanachotse."