Mmene Mungakhalire ndi Njala Tsiku Lonse ku Karonga

Kukhala ndi njala ku Karonga si ntchito yamasewera. Boma limeneli linakhala moipa kwa munthu wokonda kutolatola. Kum'mawa kuli nyanja ya usipa, kumpoto kwa a Kilupula ndi a Mwakaboko kuli nthochi, m'masikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya mpunga uli kununkhira, ku Chilumba chinangwa chili mbwee, ndiye ng'ombe za Angonde nazo sizitopa kukamidwa. Munthu wosasamala akhoza kudya kamodzi m'mawa n'kufika masana osakumbukako kuti ali ndi mimba. Zimenezi n'zoopsa. Amayi a mandasi padepoti ali ndi ana asukulu, anyamata a pachiwaya ali ndi lendi yoti alipire, ndipo onsewa maso ali pa inu. Choncho malangizo awa ndi a inu amene mwatsimikiza mtima kuti pakamwa panu pasapume kuyambira kadzutsa mpaka pogona.

Nkhondo yonse imapambanidwa m'mawa. Mukalakwitsa kadzutsa, tsiku lonse lawonongeka. Imwani tiyi wa masipuni anayi a shuga, mumwere mandasi awiri kapena buledi woyera wosapaka kanthu, basi nyamukani. Wina akakuikirani chinangwa chowiritsa, mbatata ya kholowa, dzira kapena phala lothira nsinjiro, muuzeni kuti mwachedwa kuntchito. Anthu otere amaoneka ngati achifundo, koma cholinga chawo n'choti mufike 12 koloko musanagule kanthu.

Musaganize kuti ndikulankhula zam'mutu. M'chaka cha 1995, Susanna Holt ndi anzake a ku yunivesite ya Sydney ku Australia anadyetsa anthu zakudya za mitundu 38. Chilichonse anachiyeza kuti mphamvu yake ikhale yofanana, makalori 240, kenako kwa maola awiri ankawafunsa anthuwo mmene akumvera m'mimba. Buledi woyera anamupatsa malikisi 100 kuti akhale poyezera zinazo. Mbatatesi yowiritsa inapeza 323. Nsomba inapeza 225, malalanje 202, nyama ya ng'ombe 176, nyemba 168, mazira 150. Madonati, omwe ndi asuweni a mandasi athuwa, anapeza 68 yokha, keke 65. Ofufuzawo ankafuna kuthandiza anthu kukhuta, koma inu muwerenge mndandandawo chodzondoka: amene analephera mayeso ndiwo anzanu apamtima.

Taonaninso chinthu china chosangalatsa. Mbatatesi yomwe ija yopeza 323 itawiritsidwa, itaduladulidwa n'kukazingidwa m'mafuta inatsika kufika pa 116. Mafuta amapanikiza mphamvu yambiri m'kachakudya kochepa, ndiye thupi limalandira zochuluka pamene mimba ikuona ngati yangolawitsidwa. Mnyamata wa pachiwaya sanapite ku Sydney, koma sayansi imeneyi amaidziwa bwino. N'chifukwa chake mukamaliza chipisi cha 10 koloko amakutsanzikani kuti, "Tionana masana, bwana," ndipo salakwitsa.

Zimene zimakhutitsa n'zitatu: madzi okhala m'chakudyamo, ulusi wa m'masamba, nyemba ndi gaga umene azaumoyo amati faiba, komanso zomanga thupi monga nsomba, nyama, mazira ndi mkaka. Ufa woyera ndi shuga ndi moto wa mapesi, umalilima n'kuzima nthawi yomweyo, pamene nyemba ndi chikuni chimene chimanyeka pang'onopang'ono mpaka kucha. Inu mukufuna mapesi. Mukadziwa zimenezi, mwadziwa adani anu.

Mdani wamkulu pa onse ndi mbalagha. Ndikuchenjezeni ndithu, pakuti ambiri agwa nayo. Amatenga nthochi zosapsa, kuzisenda, kuziphika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe, tomato ndi anyezi mpaka msuzi utagwirana. Muone mmene chiwembucho chilili. Nthochi yaiwisi sinasanduke shuga ngati yakupsa, ndiye thupi limavutika nayo nthawi yaitali. Nyama nayo ikuchedwetsa kugaya. Msuzi nawo ukudzaza malo otsala. Adani atatu aja akumana m'mbale imodzi, ndipo palibe mpata wothawira. Munthu wadya mbalagha m'mawa amadutsa pa zitumbuwa zotentha osacheuka, ngati sakuwadziwa amayi ogulitsawo. Amapalasa njinga ya kago kuchoka pa raundabauti kukafika kutali ndi katundu wolemera, osaima pagolosale. Kodi chuma cha dziko chingayende ndi anthu otere? Mukamva fungo lake pa lesitilanti, wolokani msewu. Wina akakuitanani, nenani kuti nthochi zimakutsekulani m'mimba, kapena kuti zimenezo n'za kumudzi. Mawu akuti "za kumudzi" ndi mankhwala amphamvu. Athamangitsa zakudya zabwino zambiri m'nyumba za anthu ophunzira kuposa anankafumbwe.

Mpunga wa Kilombero ndi wovuta kuukana, ndipo sindikukakamizani. Anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amachita kutumiza ndalama kuti muwagulire, ndiye inu eniake mungausiye bwanji? Nzeru yake ili pa kadyedwe. Uunjikeni phiri m'mbale, muthire kamsuzi ka tomato pamwamba kongosintha mtundu, mudye msangamsanga. Mudzamva mimba kuti ndi! kwa kanthawi, tulo tidzakugwirani, ndipo pofika 3 koloko mudzakhala mukusakasaka chenji m'thumba. Cholakwa chimene osadziwa amachita n'kuchepetsa mpungawo kuti m'mbale mupezeke malo a nyemba, nandolo kapena chigwada chotendera. Akatero amakhala chete mpaka mgonero, anthu omvetsa chisoni.

Kondowole nayo ndi nkhani ina. Imeneyo ikatsikira m'mimba imakhala ngati yalipira lendi ya mwezi wonse, koma ili ndi pofooka pake: chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, kuchepa kuposa chimanga. Makolo a m'mbali mwa nyanja anazindikira zimenezi popanda kalasi, n'chifukwa chake kondowole sinkayenda yokha. Inkaperekezedwa ndi usipa wodyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, ndi chigwada pambali. Inu muphwanye ukwati umenewu. Usipa wa pa Ngara muusiyire amalonda apite nawo ku Mzuzu, inu musunse kondowole m'madzi amchere. Ngati nsima yanu ndi ya chimanga, onetsetsani kuti chakonoledwa, chaviikidwa, chasanduka ufa woyera mbee. Gaga yense apite kwa nkhumba ndi nkhuku. Mudzaona zikunenepa mosangalala, zosadandaula za njala, ndipo mudzadziwa kuti mwachita bwino kuzipatsa gawo lokhutitsalo. Mgaiwa ndi wa ana a sukulu yogonera.

Za chambiko ndinene mwachidule: musayandikire. Mkaka wowawasa umenewu kapu imodzi yokha imatha kuthetsa chilakolako cha mabisiketi kwa maola angapo. Mukamva ludzu, ndipo mwezi wa Okutobala kuno ludzu silisowa, gulani chakumwa cha shuga chozizira bwino. Ubwino wa shuga wa m'botolo ndi wakuti amalowa m'thupi mimba osamuwerengera. Mumamwa masipuni angapo a shuga, koma njala ili pomwepo ikukudikirani. Madzi a pampopi alibe ulemu, ndipo amatenga malo amene mukanaikamo zigege.

Tsopano za kutafuna. Pa Malema, kufupi ndi tauni ya Karonga, ofufuza zakale anafukula mu 1996 chidutswa cha nsagwada cha cholengedwa chofanana ndi munthu chotchedwa Paranthropus, cha zaka zoposa 2 miliyoni zapitazo. Mtundu umenewu unali ndi mano a zibwano akuluakulu ngati mphero, moti tsiku lake linkathera pa kutafuna. Nanga uli kuti lero? Unatha psiti. Phunziro lake n'loonekeratu: musamatafune. Mimba imatenga nthawi, ena amati mphindi ngati 20, kuti itumize uthenga kumutu wakuti zakwana. Wodya modekha amapereka mpata woti uthengawo ufike. Inu muzimeza mothamanga, foni ili kudzanja lina, kuti pamene uthenga ukufika mukhale mutamaliza kale mbale yachiwiri. Sankhani zofewa, zosungunuka zokha m'kamwa, monga tokometsera ta m'mapepala timene ana amagula pageti pasukulu. Chimanga chootcha, nzimbe ndi mtedza wosasenda n'zotayitsa nthawi.

Mukapita ku nyumba yosungira zakale ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, mukaona mafupa a Malawisaurus, chinyama chimene chinakula kuposa minibasi ndi masamba okhaokha. Wina angakuuzeni kuti umenewu ndi umboni wakuti masamba amakhutitsa. Muyankheni kuti nachonso chinatha.

Paulendo ndi pamene luso lanu liyenera kuonekera. Msewu wa M1 kuchokera ku Chilumba kudutsa Nyungwe, Mlare, patauni mpaka ku Songwe uli ndi masiteji okwanira kuti dzanja lisabwerere m'kati mwa windo lopanda kanthu. Musanyamuke kunyumba mutadya. Khalani mpando wa pawindo, ndalama zing'onozing'ono zili m'manja. Akakuonetsani nthochi zakupsa, mango kapena dzira lowiritsa, pukusani mutu, funani chokazinga. Akulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto, ndipo ngakhale sankanena za zitumbuwa, palibe amene angakutsutseni m'minibasi. Mukafika kumalire n'kuwoloka mlatho kupita ku Kasumulu, chipisi mayai chikukudikirani. Chenjerani nacho pang'ono, pakuti muli mazira, ndipo mazira amakhutitsa. Muchiperekeze ndi botolo la shuga kuti zinthu zibwerere m'malo mwake.

Usiku musagone msanga. Mu 1999 asayansi a ku Japan anapeza kuti mimba imatulutsa timadzi totchedwa ghrelin, timene timauza ubongo kuti nthawi yakudya yakwana. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti munthu wosagona mokwanira amamva njala kwambiri mawa lake, makamaka ya zotsekemera ndi zonona. Kutentha kwa kuno kuli kale kumbali yanu. Onjezerani Facebook ndi WhatsApp mpaka 1 koloko, ndipo m'mawa mudzadzuka mimba ili kale kuimba nyimbo.

Apa ndivule chipewa chanthabwala pang'ono. Pali njala ina imene siseketsa: ya banja limene munda wake wakokoloka ndi madzi a North Rukuru kapena Songwe, ya mwezi wa Febuluwale pamene nkhokwe yapenya kumwamba. Amenewo malangizo awa si awo, ndipo sindingawaseke. Ndikunena inu ndi ine, a malipiro a pamwezi, amene njala yathu imakhala pakamwa osati m'mimba. Ndipo ife tilipo ambiri. Bungwe la MEIRU, limene lakhala likuchita kafukufuku wa zaumoyo ku Chilumba kuyambira nthawi yolimbana ndi khate mu 1979, linayeza anthu akuluakulu kumidzi ya kumwera kwa Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016. Linapeza kuti ngakhale kumudzi, mayi mmodzi mwa anayi aliwonse anali wolemera mopyola muyezo, ndipo ambiri mwa amene anali ndi BP yokwera sankadziwa. Komanso njala yosatha ikabwera pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda kosadziwika chifukwa, imeneyo si nkhani ya mandasi. Ndi zizindikiro za matenda a shuga, ndipo malo ake ndi kuchipatala kukayezetsa magazi. Chipewa ndavalanso.

Chiyeso chomaliza, chimene chagwetsa ngakhale akatswiri, ndi ulendo wa kwa agogo. Kumeneko kulibe golosale yapafupi, ndipo simufunsidwa ngati mukufuna kudya. Mukangokhala pamphasa, madzi osamba m'manja afika. Mukati, "Agogo, ndadya kale," iwo amati, "Wadya chiyani, mwanangu?" Mukatchula mandasi ndi chakumwa cha m'botolo, amatembenukira kwa mdzukulu wamng'ono n'kunena kuti awonjezere nthochi mumphika, mlendoyu sanadye. Kenako mbale zimayamba kubwera: mbalagha, usipa, chigwada, chambiko m'chikho. Agogo amakhala pambali n'kumakuyang'anirani mpaka mbale ziyere, ndipo foni simungaigwire chifukwa manja onse ali ndi msuzi.

Zikatero palibe chimene ndingakuthandizeni. Mudzakwera minibasi yobwerera mutakhala pawindo pomwe paja, masiteji onse adzadutsa dzanja lili pamwendo. Chokhacho ndikupempheni, mukafika padepoti mudutse kwa amayi a mandasi mukawapatse moni ndi kuwafotokozera bwinobwino kumene munali, angayambe kufunsa anthu kuti maliro anu ali kuti.