Kuwamba mahedifoni

Kuwamba mahedifoni ndi chizolowezi choliza mahedifoni atsopano kwa maola ambirimbiri, mwiniwake asanawavale, pokhulupirira kuti akatero amayamba kumveka bwino. Langizoli limayenda pa YouTube ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo poti mafoni adafika kale pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, palibe chingaliletse kukwera boti n'kukatsikira pa chilumba cha Chisi. Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Alangizi a pa intaneti akuti iliritseni usana ndi usiku, ikoma. Pa awiriwa, wina wanama.

M'kati mwa hedifoni muli maginito, kawaya kokulungidwa ndi kachikopa kopyapyala, kawirikawiri ka pulasitiki. Magetsi ochokera m'foni akadutsa m'kawayako, kachikopako kamanjenjemera, mpweya n'kutengera mawuwo kukhutu. Okhulupirira amati kachikopaka kamachoka kufakitale kali gwa, choncho kamafunika kufewetsedwa. Ena amalamula maola 40, ena 100, ena kuposa apo. Odziwa kwambiri saliza n'komwe nyimbo: amaika phokoso la "shiii", lija limamveka wailesi ikasochera pakati pa masiteshoni.

Kwa woyimba ng'oma, mfundoyi ndi yomveka. Gule asanayambe, ng'oma imawambidwa pamoto wa udzu, n'kumatidwa phula pakati, woyimbayo akuigogoda mpaka italira mokoma. Koma chikopa cha nyama chimalobodoka ndi chinyezi, n'kukungika ndi moto, ndipo kusinthako aliyense pabwalo amakumva. Pulasitiki ya m'hedifoni sidadyepo msipu.

Anthu oyeza ndi makina adayesa kale. A RTINGS, amene ntchito yawo ndi kuyesa zipangizo zamagetsi, adaliza mahedifoni anayi kwa maola 120, ndipo sadapeze kusintha kumene khutu lingamve. Kampani ya Shure ya ku America nayo idanena kuti pa zoyeza zake, timahedifoni take tolowetsa m'khutu timamveka chimodzimodzi, tatsopano ndi takale tomwe. Kusintha kukapezeka kumakhala kochepetsetsa, kosafika pa kumene kumabwera munthu akangosuntha hedifoni pang'ono pamutu.

Mtengo wa mwambowu umaonekera bwino pa Chilwa. Maola 100 ndi masiku anayi ndi maola anayi. Msodzi wokhala m'chimbowera, kamsasa koyandama pakati pa milulu ya m'nyanja, alibe soketi. Batire ikatha, foni iyenera kupalasiridwa kumtunda, kukatchajidwa pa sola, ndalama n'kulipidwa, kenako n'kubwerera kukapitiriza ntchito yake yoimbira mahedifoni opanda mutu. Masiku onsewo foniyo siyankha ogula matemba ochokera ku Jali kapena ku Zomba, chifukwa yatanganidwa. Mahedifoniwo amakhala ali m'poto wovundikira kuopa madzi, akulira "shiii" usiku wonse, ndipo mnzake wogona naye, atamva mawu otere pafupi ndi mphasa pakati pa udzu, ali ndi zifukwa zokwanira zotengera nkhafi n'kumenya potoyo. Akapulumuka pamenepo, pali lamulo lina lodziwika kwa aliyense wogula mahedifoni otchipa apamsika: waya amathothokera pakhosi, khutu limodzi n'kufa. Kuwamba kumatha pamene chowambidwacho chatsala mbali imodzi. Apa mwambi uja, umene unkaoneka ngati watha ntchito, wadzuka.

Komabe amene amati mahedifoni awo adakoma patapita sabata sanama. Zinthu ziwiri zimasinthadi. Choyamba ndi masiponji kapena timalabala tokhudza khutu: tikafewa n'kugwira bwino, mpweya suthawa ndipo bezi imamveka yolemera. Chachiwiri ndi ubongo, umene umazolowera kamvekedwe katsopano mpaka kuyamba kukaona ngati kolondola. Zonse ziwirizi zimachitika mahedifoni ali pamutu. Amene ali m'poto sapindula kanthu.

Chimene mwambiwu ukuchenjeza kwenikweni chili m'mutu mwa womvetserayo. M'kati mwa khutu muli timaselo taubweya timene timasandutsa kunjenjemera kukhala mawu, ndipo tikafa ndi phokoso sitimeranso. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pa chiopsezo cha kugontha chifukwa cha kamvetseredwe koliritsa, ndipo kwa munthu wamkulu limaika malire a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Pa injini ya boti, pachigayo kapena pa njinga yamoto ya kabaza, chala chimathamangira kukweza voliyumu kuti nyimbo ipose phokosolo, ndipo malirewo amadutsidwa mwiniwake asakudziwa.

Choncho mahedifoni atsopano safuna mwambo uliwonse. Avalidwe tsiku lomwe agulidwa, ndi timalabala tokwana bwino m'khutu, voliyumu isapitirire 60 peresenti, ndipo makutu azipumitsidwa. Munthu akavula n'kumva makutu akulira okha, kapena mawu a anzake akumveka ngati achokera patali, ndiye kuti waliritsa. Zikapitirira masiku angapo, apite kuchipatala akamuyeze.